Agogo anali ku Keyala: kulondola mapazi a msilikali kuyambira pa nambala yake

M'mabanja ambiri kuno kwathu nkhani yonse imathera pa mawu atatu: agogo anapita kunkhondo. Mukafunsa kuti nkhondo yake iti, malume ati ya Jeremani, azakhali ati ya ku Burma, wina ati anangomva zoti anakhala masabata angapo pa sitima ya pamadzi osaona mtunda. Onsewo akhoza kukhala akunena zoona, chifukwa amuna a ku Nyasaland anamenya nawo nkhondo ziwiri zikuluzikulu, ya 1914 mpaka 1918 imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, ndi ya 1939 mpaka 1945, ndipo ena anapitanso ku Malaya kuyambira 1952. Koma mawu atatu aja sangakufikitseni pa pepala lililonse. Chimene chimatsegula zitseko ndi nambala ya usilikali.

Ndikunena za nambala poyamba chifukwa boma la atsamunda silinkadziwa msilikali wa King's African Rifles (mwachidule KAR), imene anthu ankangoti Keyala, ndi dzina limene inu mumamudziwira. Kalaliki wa ku kampu ankalemba zimene wamva: dzina limodzi, nthawi zina ndi la bambo ake, ndiye mudzi, mfumu, boma ndi mtundu. Mfunda, monga Phiri kapena Banda, kawirikawiri sunkalembedwa n'komwe. Ena ankalembetsa dzina la kuchinamwali, ena la ubatizo, ena dzina longopeka chifukwa anathawa kwawo kapena anali asanakwane zaka. Ndiye onjezanipo khutu la Mngelezi, losasiyanitsa bwino l ndi r, w ndi b, ch ndi tch. Saidi akhoza kupezeka ngati Said kapena Sayidi, Hasani ngati Asani. M'batalioni imodzi munkakhala a Juma ambiri, a Wilson ambiri. Nambala yokha ndiyo inali ya munthu mmodzi. Pa nkhondo yachiwiri nambala zambiri za asilikali olembedwa ku Nyasaland zinkayamba ndi zilembo DN, ndipo mukaiona pa chikalata chakale musaitaye ngakhale manambala ena atafufutika; atatu oyambirira okha amathandiza kuchepetsa mayina ofanana.

Nambalayo nthawi zambiri ili kumudzi, m'bokosi lachitsulo lija limene palibe amalitsegula chimwalirire mwiniwake. Fufuzani kabuku ka malipiro kamene kankatchedwa AB 64, chiphaso chotulukira usilikali, kalata yomukhululukira msonkho, kapepala kolandirira ndalama yotsanzikira, kapena timabatani tiwiri ta chingwe cha m'khosi, kofiira ndi kobiriwira, tokhala ndi nambala yodindidwa. Mapepala otere akhala zaka 80 akulimbana ndi chiswe, njenjete ndi chinyontho, ndiye amafuna ulemu. Musawatambasule mokakamiza ngati auma. Musamate selotepi pong'ambika, chifukwa guluu wake amadya inki ndipo amasiya chikasu chosachoka. Ndipo chonde musapite nawo ku lamineti: kutentha kwa makina aja kumawononga pepala lakale ndipo simungalitulutsenso. Ajambuleni ndi foni pamthunzi wa khonde masana, mbali zonse ziwiri, tsamba lililonse ngakhale looneka lopanda kanthu, kenako muwaike pakati pa mapepala oyera mu envelopu yaikulu, kutali ndi khoma.

Mendulo ndiye zimafuna kuzidziwa bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amasokera. Mendulo za nkhondo yoyamba, British War Medal ya siliva ndi Victory Medal ya mkuwa, zili ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali zodindidwa m'mphepete mwake mozungulira. 1914–15 Star ili nazo kumbuyo. Zilembozo ndi zazing'ono ndipo zimadzaza ndi litsiro. Musazikwecheze ndi phulusa, mchenga kapena sitiliwulu, mufafaniza chinthu chokhacho chimene mukufuna. Tsukani ndi madzi ofunda, sopo pang'ono ndi mswachi wofewa, ziumitseni, ndiye muunikire ndi tochi ya foni kuchokera m'mbali kuti mthunzi ugwere m'zilembo. Mendulo za nkhondo yachiwiri zimene Britain ankapereka, 1939–45 Star, Africa Star, Burma Star, Defence Medal ndi War Medal, zinalibe dzina lililonse. Sizikuuzani kuti mwini wake ndani, ndipo zimatha kusinthana manja pa maliro. Komabe zimakuuzani kumene munthu anafika. Africa Star, kwa asilikali athu, kawirikawiri ikutanthauza nkhondo yolimbana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi Abyssinia (lero Ethiopia) pakati pa Juni 1940 ndi Novembala 1941. Amene anangomenya ku Madagascar mu 1942 sankalandira nyenyezi imeneyi. Burma Star ikutanthauza kuti anafikadi kudera la nkhondo ya ku Burma; wongothera ku Ceylon (lero Sri Lanka) sankaipeza. Ngati m'bokosimo muli General Service Medal yokhala ndi kachitsulo kolembedwa Malaya, mwachita mwayi, chifukwa imeneyo ili ndi dzina ndi nambala m'mphepete, ndipo munthuyo mwina anayamba usilikali nkhondo yachiwiri isanathe.

Musanapite ku intaneti, khalani pansi ndi akuluakulu. Apa ndikulimbikira kwambiri, pakuti mapepala a ku London adzakhalapobe zaka khumi zikubwerazi, koma agogo aakazi amene akukumbukira tsiku limene bambo awo anatsika lole atavala jasi ya khaki sadzakhalapo. Yambani ndi amayi achikulire a kuchikazi, ndiwo amasunga mndandanda wa ana ndi maliro. Afunseni mmodzimmodzi, osati pagulu, chifukwa pagulu wamkulu akalankhula ena amangovomereza. Musawaikire mawu m'kamwa. Funso loti “anapita ku Burma eti?” limabala “eya” wopanda phindu; funsani kuti ankatchula malo ati akamakamba za kunkhondo, ankadya chiyani, anaona anthu otani, anakwera chiyani. Mayina monga Jinja, Moshi, Gilgil, Mombasa, Colombo ndi Ranchi amatuluka atapindika lilime, lembani mmene mwamvera, mudzawongola pambuyo pake. Zaka musafunse ndi manambala. Funsani kuti anapita atakwatira kale kapena ayi, mwana uti anali kumsana, anabwera Napolo wa ku Zomba wa 1946 asanagwe kapena atagwa, njala ya 1949 inamupeza ali kumudzi kapena ayi. Pa za nkhondo yoyamba zikhomo zake ndi za Chilembwe mu Januwale 1915 ndi fuluwenza ya 1918. Jambulani mawu ndi foni mutapempha chilolezo, mphindi 30 kapena 40 zokha, ndipo mubwerenso patapita masiku angapo. Ulendo wachiwiri ndi umene umatulutsa zambiri, chifukwa mafunso anu amakhala akuwazungulira m'mutu usiku.

Chachiwiri chofunika pambuyo pa nambala ndi batalioni. Keyala inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo magulu a ku Nyasaland anali 1 KAR ndi 2 KAR. 3 KAR inali ya ku Kenya, 4 KAR ya ku Uganda. Nkhondo yoyamba itakula, gulu lililonse linabala mabatalioni angapo, ndipo apa pali msampha umene umagwira ngakhale ophunzira. 1/2 KAR ndi batalioni yoyamba ya gulu lachiwiri, pamene 2/1 KAR ndi batalioni yachiwiri ya gulu loyamba. Ndi magulu osiyana, anayenda njira zosiyana. Mukatembenuza manambala awiriwo mudzawerenga mwezi wathunthu za ulendo umene agogo anu sanayende. Nkhondo imeneyi inayambira pakhomo penipeni: sitima ya Angelezi ya Guendolen inawombera ndi kuwononga ya Ajeremani pa nyanja ya Malawi mu Ogasiti 1914, nkhondo ya ku Karonga inachitika pa 9 Seputembala chaka chomwecho, ndipo kuyambira 1916 asilikali a mbali ya Britain otsogozedwa ndi General Northey analowa ku German East Africa kudzera kumpoto. Mu 1918 nkhondo inakhotera ku Mozambique, kumene 1/1 KAR inamenyana ndi gulu la mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, ku Lioma kumapeto kwa Ogasiti. Ajeremaniwo anadzatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918.

Pa nkhondo yachiwiri amuna oposa 25,000 a ku Nyasaland anavala yunifolomu. 1 KAR inali ku Moyale mu Julayi 1940, kenako Abyssinia, Madagascar, ndipo pomaliza ku Burma ndi 22nd East African Brigade. 2 KAR inali pa nkhondo ya Tug Argan ku British Somaliland mu Ogasiti 1940. Mu 1944 mabatalioni a 2, 13 ndi 22 a ku Nyasaland anali mu 11th East African Division, imene inatsika chigwa cha Kabaw ku Burma m'nyengo ya mvula, m'matope ndi malungo, mpaka kufika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin kumayambiriro kwa Disembala. Ngati pa chithunzi chakale mukuona mutu wa chipembere pa phewa la malaya, chimenecho ndi chizindikiro cha divishoni imeneyi. M'mapepala a nthawiyo batalioni ya kwathu imadziwika ndi zilembo Ny pambuyo pa nambala, ya ku Kenya K, ya ku Uganda U, ya ku Tanganyika TT. Musaganize kuti nambala iliyonse yoyamba ndi 1 kapena 2 ndi yathu: 11 KAR inali ya ku Kenya, 26 KAR ya ku Tanganyika. Ndiponso si onse “a ku Keyala” anali a mfuti. Ambiri, makamaka amene anapitako kusukulu ya mishoni, anali madalaivala mu East African Army Service Corps, ena a mizinga mu East African Artillery, ena achipatala kapena a mauthenga. Agogo amene anabwera akudziwa kuyendetsa lole, muwafune kumeneko.

Ngati munthu wanu sanabwerere, yambani ndi tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a ofera kunkhondo. Ndi laulere, koma lili ndi malire amene muyenera kuwadziwa: muli okhawo amene anamwalira pakati pa 4 Ogasiti 1914 ndi 31 Ogasiti 1921, kapena pakati pa 3 Seputembala 1939 ndi 31 Disembala 1947. Amene anabwera ndi moyo mulibemo, ndipo kusamupeza sikutanthauza kuti banja likunama. Fufuzani ndi nambala poyamba. Ngati mulibe nambala, ikani dzina loyamba m'bokosi la dzina la bambo, chifukwa mayina a Aafirika ambiri analowetsedwa chomwecho, ndiye muyese kalembedwe kosiyanasiyana. Zimene mungapeze ndi tsiku la imfa, gulu, ndi manda kapena chipilala. Ofera ku Burma opanda manda odziwika ali pa Rangoon Memorial m'manda a Taukkyan. Ambiri a kuno ku Africa ndi a panyanja ali pa East Africa Memorial ku Nairobi. Tsiku la imfa lokha limatha kufotokoza nkhani yonse. Msilikali wa mizinga womwalira pa 12 Febuluwale 1944, mwachitsanzo, pafupifupi ndithu anali m'sitima ya Khedive Ismail imene Ajapani anaimiza pafupi ndi zilumba za Maldives, n'kupha anthu pafupifupi 1,300. Pa za nkhondo yoyamba, pitaninso pa chipilala cha Keyala ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, mukawerenge mayina ndi maso anu.

Ku The National Archives ku Kew, mu London, ndi kumene kuli mulu waukulu wa mapepala, koma muyenera kupitako mukudziwa chimene kulibe. Mafailo a msilikali mmodzimmodzi wa Keyala, olemba tsiku lolowa, matenda, zilango ndi tsiku lotuluka, kawirikawiri anatsala m'maiko amene asilikaliwo anachokera. Pa chifukwa chomwecho masamba olipiritsa a mbiri za mabanja sathandiza kwenikweni pa asikari, ndipo musathamangire kulipira madola. Chimene Kew ili nacho ndi mbiri ya gulu. Kabukhu kawo ka pa intaneti, Discovery, nkaulere, ndipo kamalola kuika kanyenyezi m'malo mwa zilembo zokayikitsa, choncho Sa*di ikutulutsirani Saidi, Sayidi ndi Saadi nthawi imodzi. Mafailo a ku Kew ali m'magulu odziwika ndi zilembo ndi nambala. Makhadi a mendulo za nkhondo yoyamba ali mu WO 372, ndipo mindandanda yake mu WO 329. Mabuku a tsiku ndi tsiku a mabatalioni a nkhondo yoyamba ali mu WO 95. A nkhondo yachiwiri ambiri ali m'magulu awiri: a ku East Africa, Abyssinia ndi madera oyandikira ali mu WO 169, a ku Ceylon ndi Burma mu WO 172. Batalioni imodzi ikhoza kukhala m'magulu onse awiri malinga ndi chaka, ndiye musaime pa loyamba n'kuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ngati banja limati agogo analandira mendulo ya kulimba mtima, fufuzani mu WO 373, momwe muli makalata ofotokoza zimene munthu anachita, tsiku ndi malo, kenako mutsimikize mu London Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma la Britain, imenenso ndi yaulere pa intaneti. Makalata a pakati pa Zomba ndi London ali mu CO 525, a za Keyala mu CO 534 ndi CO 820.

Mabuku a tsiku ndi tsiku aja amafuna mtima woleza. Ankalembedwa ndi ofisala wachizungu, ndipo mayina amene amaoneka ndi a Azungu anzake. Asikari amangowerengedwa: atatu aphedwa, asanu ndi awiri avulala, pansi pa zilembo AOR, kutanthauza asilikali wamba achiafirika. Kuwerenga tsamba limene Mzungu wovulala chala watchulidwa dzina pamene amuna khumi akufa ali nambala chabe kumapweteka, ndipo kuyenera kupweteka. Koma musasiye pa masamba a kutsogolo. Kumapeto kwa mwezi uliwonse kumakhala zomata, ndipo m'menemo nthawi zina mumapezeka mndandanda wa ovulala ndi akufa wokhala ndi nambala ndi dzina. Dziwaninso zidule zawo: KIA ndi wophedwa pankhondo, DOW womwalira ndi mabala, TOS wolandiridwa m'gulu, ndipo SOS sikupempha chithandizo ayi, ndi wochotsedwa m'kaundula wa gulu, kaya wasamutsidwa, wagonekedwa kapena wamwalira. Mabuku a WO 169 ndi WO 172 ambiri muyenera kukawawerengera komweko. Ngati muli ndi mbale ku UK, mupatseni nambala yeniyeni ya failo ndi miyezi imene mukufuna. Akatenge chiphaso cha wowerenga, chimene chimafuna ziphaso ziwiri, chotsimikiza dzina lake ndi cha kumene akukhala, aitanitse mafailo pasadakhale, ndipo amaloledwa kujambula ndi foni yake popanda fulashi. Lamlungu ndi Lolemba amatseka.

Kuno kwathu, National Archives of Malawi ili ku Zomba. Zambiri za boma za chaka cha 1919 chisanafike zinapsa pa moto umene unagwira maofesi a boma chaka chimenecho, choncho za nkhondo yoyamba n'zopereweraperewera, koma za yachiwiri zilipo zochuluka. Musafike n'kunena kuti mukufuna failo ya agogo. Pemphani kabukhu ka mafailo ndipo muyang'ane za boma limene munthu anachokera: malipoti a pachaka a DC, makalata a kulemba asilikali, ndalama zotumizidwa kwa akazi awo, kukhululukira msonkho, madandaulo a asilikali opuma. Mafailo a likulu amayamba ndi S, a zigawo ndi NN, NC ndi NS. Mufunika mayina akale a maboma: Mangochi inali Fort Johnston kapena South Nyasa, Nsanje Port Herald, Mchinji Fort Manning, Chitipa Fort Hill, Nkhotakota Kota Kota, Mzimba Mombera, ndipo Thyolo, Mulanje ndi Ntcheu zinkalembedwa Cholo, Mlanje ndi Ncheu. Alomwe mudzawapeza atalembedwa Anguru, mawu amene eni ake sanawakonde koma ndi amene ali pa pepala. Lemberaninso kalata Malawi Defence Force, pakuti 1 KAR ndiyo inasanduka Malawi Rifles mu 1964. Ikanimo nambala, dzina mmene lalembedwera pa chikalata, mudzi, mfumu, boma ndi ubale wanu. Bungwe la asilikali opuma la VELOM ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ndi malo enanso oyenera kufikako. Buku la Moyse-Bartlett la 1956 la mbiri ya Keyala likuthandizani kulondola batalioni mwezi ndi mwezi musanaitanitse failo iliyonse.

Ena sanalembedwe kuno n'komwe. Amene anali kuntchito ku Southern Rhodesia analowa Rhodesia Native Regiment kuyambira 1916 kapena Rhodesian African Rifles kuyambira 1940, ndipo zawo muzifune ku National Archives of Zimbabwe ku Harare. A ku Fort Jameson, lero Chipata, ndi madera ozungulira analowa Northern Rhodesia Regiment. 2 KAR yenieyo inatsalira ku Zambia chitaganya chitatha, choncho Lusaka ndi kofunsanso. Mendulo ya nkhondo yachiwiri yokhala ndi dzina ndi nambala yoyamba ndi N kumbuyo ikhoza kukhala ya ku South Africa, ya Native Military Corps, chifukwa kumeneko ankadinda mayina.

Ndiye pali amtengatenga. Pa nkhondo ya Chiwaya asilikali a ku Nyasaland anali pafupifupi 19,000, koma onyamula katundu anali pafupifupi 200,000, ogwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu, oyenda ndi katundu pamutu mpaka mapiri a ku Tanganyika, ofa ndi kamwazi, chibayo, njala ndi fuluwenza. Ngati banja lanu limati agogo a agogo anatengedwa ndipo sanabwerere, mwayi waukulu ndi woti anali mmodzi wa amenewa. Ambiri analibe mendulo, ndipo manda awo sanalembedwe. Mu Epulo 2021 lipoti la Commonwealth War Graves Commission lomwe linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi dzina kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo kuti tsankho linali m'gulu la zifukwa zake. Zipilala za asikari ku Dar es Salaam, Mombasa ndi Nairobi zilibe mayina. Kwa munthu wotere njira yotsala ndi ya ku mishoni. Ansembe a White Fathers ku Mua, Bembeke ndi Likuni ankalemba mabuku a tsiku ndi tsiku m'Chifalansa, ndipo makaundula a ubatizo ndi a mipingo ya Nkhoma, Blantyre, Livingstonia ndi Likoma nthawi zina amakhala ndi kamzere ka m'mphepete konena kuti munthu anafera kunkhondo, kapena kuti mkazi wake analoledwa kukwatiwanso. Wolemba mbiri Melvin Page anajambula mawu a okalamba ambiri a nkhondoyi m'zaka za m'ma 1970, ndipo zimene analemba zikupatsani chithunzi cha njira imene amtengatenga a dera lanu anayenda. Bungwe la manda lija likutolerabe mayina osowawa, ndipo dzina, mudzi ndi mfumu zimene banja lanu lasunga mukhoza kuwatumizira.

Zonse zimene mwapeza zilembeni m'kope limodzi, ndipo pa mfundo iliyonse musonyeze kumene yachokera: nambala ya failo ndi tsamba, kapena dzina la wokuuzani ndi tsiku. Siyanitsani zinthu zitatu, chimene pepala lanena za munthu wanu, chimene lanena za batalioni yake, ndi chimene banja likukumbukira. Buku likati 22 KAR inali pamalo akuti tsiku lakuti, sizikutsimikiza kuti agogo analipo. Mwina anali m'chipatala ndi malungo, monga zinkachitikira ambiri ku Kabaw. Pamene pepala ndi azakhali akutsutsana, lembani zonse ziwiri moyandikana osafufuta chilichonse. Mukamaliza, sindikizani makope atatu kapena anayi pamodzi ndi zithunzi za mendulo ndi zikalata, limodzi likhale kumudzi kwa mwinimbumba, ena kwa abale a m'matauni osiyana.